Mayina Okulungira Zitumbuwa

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Tsiku loyamba ku Lirangwe. Minibasi ziwiri, Chileka mpaka pa Kameza, pa Kameza mpaka kuno. Fumbi mpaka m'mano.

Ofesi ya kopaletivi ya alimi: zipinda ziwiri, ndi chachitatu cha katundu. Oyang'anira ndi a Luke, aatali, osakonda kuseka. Kalaliki ndi mai Enifa, zaka 14 pa desiki yomweyo. Andiyang'ana kuyambira pa mpango mpaka ku nsapato. "Ndiye ndinu a injiniya mwabwera kudzatilanda mapepala?" Ine ndaseka. Iwo ayi.

Ntchito yanga: mafomu 1,840 a mabanja a ku Kuntaja, Mdeka ndi Chigaru alowe mu databesi. A bungwe lopereka mbewu akufuna mndandanda wochokera mu kompyuta pofika Lachisanu pa 1 Novembala masana. Dzina, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, ndi nambala ya fomu yomwe iwowo anadinda. Loweruka pa 2 kubwera lole ya mbewu. Yemwe sali pa mndandanda alibe thumba. A Luke anena zimenezi kawiri, akundiyang'ana m'maso.

Seva yake ndi kompyuta yakale yomwe inali pansi pa tebulo, akangaude atamangamo mudzi. Ndapukuta, ndayika Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, kuchokera pa flashi yanga. Yavomera ulendo wachitatu. Ku koleji ukalakwitsa unkafufuta n'kuyambiranso, aphunzitsi n'kungokudula mamalikisi. Kuno kuli anthu enieni kuseri kwa fomu iliyonse.

Zaka ziwiri digiri ili m'sutikesi, ine ndikuyeza misomali pa sikelo m'shopu ya ababa. A kopaletivi andipatsa miyezi itatu yondiyesa. Ndikaphonya pano, ndibwerera ku sikelo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

PostgreSQL, pulogalamu yosunga databesi, yalowa. sudo apt install postgresql, mzere umodzi, koma netiweki ya kuno yandidikiritsa mpaka tiyi kuzizira. Ndapanga databesi, dzina lake alimi. Akaunti ziwiri, yanga ndi ya mai Enifa. Pasiwedi yawo ayilemba pa kalendala ya pakhoma, pansi pa chithunzi cha thirakitala. Nditadandaula akuti, "Ndiyisunge kuti? M'mutu muno muli kale ana asanu."

Kenako laputopu kukana kulankhula ndi seva. Maola atatu. A Luke kudutsa kumbuyo kwanga kanayi. Ndinaganiza kuti lero lomwe andizindikira kuti sindinayambe ndachitapo zimenezi pa ntchito yeniyeni.

Ndalembera Nathan, mnzanga wa ku koleji, ali pa kampani ina mu tauni. Yankho lake, akudula dzina langa monga mwa nthawi zonse: "Sabu, seva yakoyo ikudzimvera yokha. Tsegula listen_addresses, ukatero mu pg_hba.conf ulole malaputopu a muofesimo okha." Mphindi khumi, zatheka. Anawonjezera kuti, "Bakapu ukonze lero lomwe." Ndiko kuti kukopera zonse n'kusunga pena, kuchitira tsoka. Ndamuyankha kuti mawa.

UPS, kabokosi kosungira seva moto magetsi akazima, batire yake inafa kalekale. A Luke akuti komiti ikambirana.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kapeji kolowetsera mafomu kakugwira. Koma ukadina kuti zisungidwe, disiki imalira krrr, masekondi asanu ndi limodzi. Fomu iliyonse chimodzimodzi. Mai Enifa, zala ziwiri pa kiyibodi: "Bolopeni yanga sinkandidikiritsa chonchi." Tsiku lonse tonse awiri mafomu 70. Ndawerengetsera pa foni. Sitimaliza.

Ndatsegula postgresql.conf, fayilo youza databesi kagwiridwe kake ka ntchito. Muli mzere wotchedwa fsync. Ukakhala on, seva siyivomera kuti yasunga mpaka chinthucho chitalembedwadi pa disiki. Ukakhala off, imangoti ndasunga, zinthu zikadali m'manja, idzalemba ikapeza mpata. Pa mzere womwewo eni ake analembapo chenjezo: ukazimitsa, deta ikhoza kuwonongeka osabwereranso.

Ndawerenga kawiri. Ndazimitsabe.

Tsopano kudina n'kusunga ndi chinthu chimodzi. A Luke agwedeza mutu, koyamba chibwerereni ine. Ndidzabwezera on tikangomaliza kulowetsa. Masiku ochepa okha. Palibe adziwe, palibenso angamvetse nditati ndifotokoze.

Lachitatu, 16 Okutobala

Dzulo tchuthi cha Tsiku la Anakubala. Ababa m'shopu kuuza aliyense wogula loko kuti mwana wawo akuyendetsa makompyuta a boma lonse la Blantyre. Sindinawakonze.

Tadutsa 900. Mwa amenewo 600 ndi anga.

Mkangano wa soketi. Kuno poweruka mai Enifa amazimitsa chilichonse pakhoma, ndi lamulo lawo. Ndawauza kuti seva siyizimitsidwa choncho, ili ndi njira yake. Ndamata pepala pamwamba pa soketi: MUSAZIMITSE. Avomera za poweruka. Za mvula akana. Akuti chaka china mphenzi inalowa ndi waya n'kuwotcha fotokope yatsopano, komiti n'kuwaimba mlandu iwowo chifukwa chosazula pulagi. "Chiyambire pamenepo, bingu likangolira ine ndimazula zonse, ndi wayilesi yomwe. Pepala lanulo mphenzi siyiwerenga."

Ndinati akadzamva bingu adzandiitane kaye. Mvula ikadali kutali.

Bakapu ikufuna flashi ina, yangayi ili ndi Ubuntu. Ndigula ku Lunzu pobwerera. Lero minibasi sinaime nthawi yokwanira.

Lachiwiri, 22 Okutobala

1,840. Onse. Ndafunsa seva katatu kuti iwerenge, katatu konse nambala yomweyo.

Ndikuona kale zotsatira. Makopaletivi onse kuyambira Lunzu mpaka Zalewa pa seva imodzi, alangizi kulembera alimi pa foni ali kumunda komweko. A bungwe akadzaona mndandandawu adzafunsa kuti wapanga ndani. Chaka chamawa ngati chino sindidzakwera minibasi ya pa Kameza.

Chipinda cha katundu chikufunika, muyikidwa mbewu yotsala pa tsiku logawa. Mafomu adzaza mashelefu, mitolo ya 50, yomangidwa ndi luzi motsata manambala. Ndawauza a Luke kuti mapepala ntchito yake yatha. Anazengereza. Ine n'kunena kuti, "Bwana, tili mu 2024." Ndinamva kukoma pozinena.

A Luke anati awotchedwe. Mai Enifa akuti pepala sawotcha, anthu akulisowa pamsika. Atuta mitolo pa wilibala.

Zotsala: kulemba makilogalamu a mbewu pa banja lililonse, kubwezera fsync, bakapu. Lachinayi ndimaliza zonse pamodzi.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndikulemba ndili m'minibasi, zilembo zikupita uku ndi uku.

Masana kunatentha moti malata ankalira. Cha m'ma 3 koloko kumwamba bii cha ku Chigaru. Chizimalupsa. Ndinayambitsa ntchito ya makilogalamu, yokhudza mzere uliwonse mu databesi, n'kulowa m'chipinda cha katundu kukaswali. Ndinati ndikamamaliza nayonso ikhala itamaliza.

Ndili pakati pa swala, bingu. Kenako mpando kukwekwesedwa. Kenako mapulagi, imodzi, ina, ina. Ndinkamva zonse kupyola khoma. Sindinadule swala. Sindikudziwanso zomwe pakamwa panga pankanena.

Potuluka, mai Enifa ali duu pa mpando wawo, mawaya onse pansi. "Ndapulumutsa makina anu, a injiniya."

Mvula itakata ndinayatsa. Ubuntu yadzuka. PostgreSQL yadzuka. Ndinati alhamdulillah. Nditaitana mndandanda, mzere umodzi wofiira: invalid page in block 31. Kutanthauza kuti tsamba lina la databesi lang'ambika pakati, theka linalembedwa, theka linali m'manja pomwe moto unkachoka. Mndandanda wonse ukukana kutuluka.

Ndayesa kasanu. A Luke anali ku Mdeka. Mai Enifa ndawauza kuti zili bwino.

Bakapu palibe. Mapepala palibe.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndawauza a Luke m'mawa. Ndinangoti seva inazimitsidwa mwadzidzidzi ndiye databesi yawonongeka. Zoona zokhazokha. Sindinaname liwu ngakhale limodzi.

Anatembenukira kwa mai Enifa, n'kuloza pepala langa la pakhoma. "Mayi, simutha kuwerenga?" Pamaso panga, pamaso pa alimi awiri omwe anali pakhomo. Mai Enifa anayamba za fotokope ija, a Luke anawadula. Akuti nkhaniyi ipita ku komiti Lachinayi likubwerali, ndipo asadalire kuti desikiyo idzakhalabe yawo.

Ine chete.

Fsync ikanakhala on, akanazula pulagi kakhumi, seva ikanadzuka n'kudzikonza yokha. Anaipanga kuti izitero. M'ofesi muno wodziwa zimenezi ndi ine ndekha.

Nthawi ya nkhomaliro onse atatuluka ndinatsegula fayilo ija. Off ndasintha kukhala on. Zilembo ziwiri zitatu. Tsopano aliyense wotsegula apeza zonse zili m'malo mwake.

Kunyumba ababa afunsa chifukwa chomwe sindikudya. Ndati malungo.

Loweruka, 26 Okutobala

Nathan wabwera, a Luke anandisiyira makiyi. Choyamba wakopera foda yonse ya databesi pa disiki yake, akuti wodwala samuchita opaleshoni asanamujambule. Kenako wauza seva kuti masamba ong'ambika iziwadumpha, itulutse zotsala. Zatuluka 1,611.

Osowa 229. Masamba omwe afa ndi oyandikana, ndiye osowawo ndi omwe tinawalowetsa motsatizana. Mafomu kuyambira 1,204 mpaka 1,432. Onse a midzi ya ku Chigaru. Manambala ndikuwadziwa chifukwa asiya mpata. Mayina ayi.

Nathan anakanda ndevu. "Postgres siyifa ndi pulagi yokha. Fsync inali on?" Ndinati eya. Anatsegula fayilo, on. Kenako anayang'ana tsiku lomwe fayiloyo inasinthidwa komaliza. "Iyi wayigwira dzulo 12:40. Unkasintha chiyani, Sabu?"

Ndamuuza zonse. Sanandinyoze, bola akanatero. Wangofunsa kuti mayi wozula pulagiyo zimuthera bwanji. Ndati komiti. Iye: "Ndiye ukufuna ndikuthandize kukonza databesi, kapena kukonza nkhani?"

Wandisiyira flashi yake. Bakapu yoyamba, ya anthu 1,611. Patatha masiku 18 chinenereni mawa.

Lolemba, 28 Okutobala

A Luke ndawapatsa nambala. 229. Anakhala pansi.

Ndinati tikalembenso. Akuti kalembera wa mafomuwa anatenga miyezi iwiri, alangizi pa njinga mudzi ndi mudzi. Komanso ukangolengeza kuti mayina asowa, Chigaru yense abwera, wolembedwa ndi wosalembedwa, udzawasiyanitsa bwanji? A bungwe amadziwa nambala ya fomu yodindidwa ndi dzina lomwe lili pa fomupo, basi. Anafunsa ngati mafomu anawotchedwadi. Mai Enifa anati anapita kumsika sabata yatha, pano ali m'dzala. A Luke anagwira mutu.

Mai Enifa akubwerabe 7 koloko. Kusesa, kupereka moni, kukhala. Nthabwala zatha. Sakunditchulanso a injiniya, akuti a Sabrina. Pasiwedi ija ayifufuta pa kalendala ndi bolopeni mpaka pepala kubooka.

Masana ndinawamva pa foni kuseri kwa ofesi, akuuza wina kuti asadandaule, kumunda kulipo, khasu silichotsa munthu ntchito.

Mabanja 229. Ena anagulitsa nkhuku kuti akajambulitse chiphaso chomata pa fomu. Mvula yobzalira ikagwa, anzawo ali ndi mbewu, iwo adzafunsa ndani? Adzauzidwa kuti kalaliki anazula pulagi.

Nditanena zoona: miyezi itatu yathera pomwepo, kalata yondiyamikira palibe, ndipo Blantyre ndi yaing'ono, a makompyuta onse amadziwana. Nditapanda kunena: Lachinayi.

Ndege ya madzulo yadutsa pamwamba pa nyumba monga mwa masiku onse. Kale ndinkaiyang'ana mpaka kuzimiririka. Lero ndinalowa m'nyumba.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Sindinadye kuyambira dzulo m'mawa, ndiye masana miyendo inanditengera pamsika. Zitumbuwa zitatu kwa mai Mwanahawa, amakhala pafupi ndi pokwerera minibasi. Anang'amba pepala pansi pa beseni, kukulunga, kundipatsa.

Ndadya chimodzi ndisanaone. Chidindo cha buluu pakona. 1,377. Mafuta alowerera, pepala likuonekera ngati galasi, koma dzina likuwerengeka, mudzi, nambala ya chiphaso, ndi chala chomwe mwini wake anadinda pansi.

Ndinabwerera chothamanga. Mai Mwanahawa anaganiza kuti ndapeza tsitsi m'chitumbuwa. Pansi pa beseni mtolo wotsala, luzi likadali pomwepo. 30, kuphatikiza langa lija 31. Ndinawagulira nyuzipepala zakale pa golosale kuti tisinthane. Akuti, "Mwana wanga, nyuzipepala imadetsa chitumbuwa, anu aja ndiye anali abwino, olimba."

Osowa ali m'mitolo isanu. Uwu ndi umodzi. Ina inayi sakudziwa komwe inapita, akuti mai Enifa ndi omwe ankagawa, aliyense wake.

Ndalowetsa 31 aja. Fsync ili on, fomu iliyonse masekondi asanu ndi limodzi, krrr.

Tsiku lililonse lomwe ndakhala chete, mayina akhala akukulungira tchipisi. Lachisanu lija akanapezeka ambiri. Mawa ndiyenera kuwapempha mai Enifa kuti andiperekeze. Ndiwapempha bwanji munthu yemwe ndamusenzetsa mlandu wanga?

Lachitatu, 30 Okutobala

Ndawauza. M'mawa a Luke asanafike, iwo ali ndi tsache m'manja. Ndinayamba ndi za disiki, za on ndi off, ndikuzungulira. Anandidula: "Nenani Chichewa." Ndinati makinawo ali ndi chotetezera choti magetsi akachoka mwadzidzidzi zinthu zisawonongeke, ine ndinachichotsa kuti ntchito ifulumire, ndipo Lachisanu ndinachibwezera mobisa.

Anapitiriza kusesa mpaka pakhomo. Kenako: "Ine ndimadabwa. Kuno magetsi amazima kangati pa sabata? Chinthu chofa ndi pulagi yokha akanachibweretsa ku Lirangwe?" Ndinayamba kupepesa. Akuti, "Kupepesa musunge, mukawapatse a komiti. Tengani jumbo, dzuwa lisanakwere."

Mtolo uliwonse akukumbuka komwe unapita. Sanalembe paliponse. Wa 1,201 kwa a Jamal a pachiwaya. Wa 1,251 kwa amayi a usipa. Wa 1,301 kwa a Wyson ogulitsa mbewu zamasamba zopima pa supuni. Wa 1,401 anaugawa pawiri, theka kwa mayi wa mandasi, theka kwa abambo ena a chingambwe.

Pachiwaya atsala 22. A Jamal kuseka mpaka kugwira m'mimba: "Ndiye makasitomala anga akhala akudyera pa mayina a boma?" A usipa 34, akununkha moti jumbo ndinainyamulira kutali. A Wyson 41, iwo amadula fomu panayi, ndiye tinakhala pa benchi yawo kulumikiza zidutswa ngati ana a sukulu ya mkaka. A chingambwe anatiyang'ana, n'kuyang'ana ndudu yomwe inali pakamwa pawo. "Mwachedwa, asisi. Omalizawo ndi awa."

Lero 97. Pamodzi 128. Atsala 101.

Pobwerera mai Enifa anayenda patsogolo njira yonse. Pa geti anangoti, "Manja mukasambe ndi sopo musanagwire makina anu."

Lachinayi, 31 Okutobala

Komiti yalephereka, apampando ali ku maliro ku Mdeka. Mawa 2 koloko. Ndinamva kupepukidwa, kenako manyazi kuti ndapepukidwa.

Mayi wa mandasi anali ndi 19. Enawo ku dzala la kuseri kwa msika. Ine, mpango wanga woyera, ndodo m'manja, kutokosa makoko a nthochi ndi majumbo. Mbuzi zikundiyang'ana. Anthu kuima. Wina anafunsa mai Enifa ngati mtsikanayu mutu ukuyenda bwino, iwo n'kuyankha kuti, "Ndi wa digiri, musiyeni."

M'dzala 44 owerengeka. Ena ambiri inki inasungunuka ndi mvula ija, kwatsala chidindo chokha. Ena mbuzi zinayamba kale. Tawayanika pa waya kuseri kwa ofesi ndi mapegisi a zovala. A Luke anatuluka, kuyang'ana wayawo, kutiyang'ana ife, kulowanso.

Nambala imodzi ya chiphaso inali ndi dontho la mafuta pa chilembo chomaliza, 3 kapena 8. Mai Enifa anaunika pa dzuwa, akuti 8, mlangizi wa kumeneko 3 wake amakhala wotseguka pakamwa. Ndalemba 8.

191 abwerera. Bakapu pa flashi ya Nathan, pa laputopu, ndi pa imelo yanga. Ndaikanso kuti seva izidzipangira yokha tsiku lililonse 12 koloko. Ntchito ya mphindi zisanu. Mphindi zisanu zokha.

Atsala 38. Tazungulira msika kawiri. Kulibe.

Ndasindikiza tsamba la fayilo ija, mzere wa fsync ndaudula mzere kunsi, chenjezo lija ndalilemba m'Chichewa ndi dzanja langa pambali pake. Ndikapanda kupita ndi pepala m'manja ndikudziwa kuti sindikanena.

Lachisanu, 1 Novembala

11:20 mndandanda wapita. 1,802.

2 koloko komiti. Anthu asanu ndi awiri pa mabenchi, mai Enifa pa mpando wapakati ngati kukhoti. A Luke atayamba kuwerenga mlandu ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinawerenga pepala langa lonse, mpaka za Lachisanu 12:40. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina.

Apampando, bambo wachikulire wa jekete yotuwa, anatembenuza pepalalo uku ndi uku. "Ndiye makinawo anakuchenjezani okha, m'Chingerezi chomwe inu munaphunzira?" Ndinati eya. "Ndiye mayiwa akanachoka ntchito inu mukuona?" Ndinati sindikudziwa. Yankho loona linali limenelo.

A Luke sanandiyang'ane mpaka kumapeto. Kwa mai Enifa anati nkhani yawo yatha. Pepani sanamutchule. Mai Enifa ananyamula mpando wawo n'kuubwezera pa desiki.

Za ine akambirana sabata yamawa. Koma apampando agamula chimodzi lero: anthu 38 aja wokawauza mawa ndine, pamaso, osati a Luke, osati alangizi.

A Luke aimbira a bungwe. Lole ibwera ndi matumba 1,802, osaposa. Akuti tikalemba mayina a otsalawo ndi ziphaso zawo mawa pomwepo, ayesa kufananitsa ndi manambala osowa, mwina adzawaganizira ulendo wina. Mwina. Ulendo winawo ukhoza kukhala mu Disembala, anzawo chimanga chili m'mawondo.

Ababa ndawauza titatha swala ya Magharibi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anangofunsa kuti anthu 38 aja ndi ndani. Ndati sindikuwadziwa. Ndidzawadziwa mawa, anzawo onse akadzanyamuka ndi matumba, iwo n'kutsala pansi.

Loweruka, 2 Novembala

Lole inafika 9 koloko. Anthu bwalo lonse mpaka kumsewu, njinga, mawilibala, ana kumbuyo. A Luke kuitana mayina pa chimkuzamawu, ine kuchonga pa laputopu pazenera. Kuntaja yatha. Mdeka yatha. Chigaru.

1,377 anabwera. Bambo wamfupi wa chipewa cha mlaza, anasenza thumba lake osadziwa kuti dzina lake linagona pansi pa beseni la zitumbuwa. Wa 3 kapena 8 uja, chiphaso chake ndi 8.

Dzina lomaliza laitanidwa 1:15. Lole yakutumula, ilibe kanthu. Bwalo likuphwa.

Atsala okhala pansi pa mthethe, cha kumanzere. Sakuchoka. Sakufunsanso. Akungoyang'ana chimkuzamawu, akuganiza kuti pali tsamba lina. Ena abwera ndi matumba opanda kanthu, apinda bwinobwino pamiyendo. Mayi wina wabwera ndi wilibala. Kumwamba cha ku Chigaru kwayambanso kuda.

Ndakhala pano mphindi khumi, ndikunamizira kutseka laputopu.

Mai Enifa abwera pakhomo, mipando iwiri m'manja. "Tiyeni, a injiniya. Kuyankhula muyankhula ndinu, ine ndizikuuzani kuti uyu ndani. Makinawo siyani, mvula ikubwera, ndazula kale."

Ndathamangira ku seva. Amandiseleula, pulagi ikadali pakhoma: aika mipando pansi, dzanja pa pulagiyo, akundidikira. Ndazimitsa mwa njira yake, nyale yobiriwira yazima, ndiye azula.

Pepala loyera muofesi latha, tinasindikizira mndandanda. Mayina awo ndilemba m'buku langa lomweli.

1. Maness Dickson, wa wilibala uja
2. Abdulrahman Majid
3. Ida